Mtsinje kapena Ngalande?

Kodi mtsinje umaleka liti kukhala mtsinje? Funsoli lingaoneke ngati la akatswiri a chiyankhulo okha, koma ku Los Angeles linasanduka mlandu. Madzi osefukira ataononga mzindawo mu 1938, akuluakulu anawaka konkire pansi ndi m'mbali mwa mtsinje wa Los Angeles, ndipo patapita zaka anthu ambiri ankangouona ngati ngalande. Mu 2008 nthambi ya zomangamanga ya asilikali a ku America inagamula kuti ndi zigawo zochepa chabe za mtsinjewo zimene bwato lingadutsemo. Chigamulochi chinali chachikulu, pakuti malamulo a dzikolo amateteza kwambiri mitsinje yodutsika ndi bwato pamodzi ndi timitsinje tothira m'menemo.

Mu Julaye chaka chomwecho, George Wolfe ndi anzake anakwera timabwato ta kayak, napalasa masiku atatu mtunda wa makilomita pafupifupi 80, popanda chilolezo. Mu 2010 bungwe la boma loteteza chilengedwe, EPA, linalengeza kuti mtsinje wonsewo ngodutsika.

Kodi anachita bwino kusamvera? Chiletsocho chinali ndi chifukwa: mvula ikagwa, madzi a m'konkire amathamanga moopsa, ndipo wobwera kudzavuula mnzake amaikanso moyo wake pachiswe. Koma iwo anasankha nyengo yopanda mvula, napalasa poyera, aliyense akuona. Kusamvera kotere ndikukuyesa koyenera. Olamulira akapatsa chinthu dzina lolakwika, kungokhala chete n'kuvomereza bodzalo. Makolo anati madzi saiwala khwawa. Oiwala ndife anthu, ndipo pamenepa nkhafi ndiyo inatikumbutsa.