Kodi Wosakhazikika Angakhale Wokhulupirika?

M'nyumba zoonetsera mpira za m'misika yathu muli mtundu wa osewera umene anyamata amautchula monyodola. Ndi wosewera uja amene chaka chino wavala malaya ofiira, chaka chamawa abuluu, ndipo chaka chinacho mukumva kuti ali kutsidya lina la dziko lapansi. Amati ameneyo alibe kwawo, mtima wake uli m'thumba la ndalama. Amene wakalambira pa timu imodzi ndiye amamutamanda kuti ndi mwamuna wokhulupirika. Zimamveka ngati macheza chabe a mpira, komabe pansi pake pagona funso lokhudza makomo ambiri a kuno kunyanja, kumene mabanja ochuluka ali ndi wina amene adapita kutali kukasaka riziki. Munthu amene ntchito yake ndi yosamukasamuka ali ndi ngongole yanji kwa malo amene akudziwa kuti adzawasiya? Nanga kukhulupirika timakuyeza ndi zaka zimene munthu wakhala pamalo, kapena pali muyezo wina?

Kuti tisayankhule za m'malere, tiyeni titsate mapazi a munthu mmodzi, Msilamu mnzathu Demba Ba. Adabadwa m'chaka cha 1985 ku Sèvres, pafupi ndi Paris, kwa makolo ochokera ku Senegal. Ali mnyamata adakayesedwa ku matimu angapo a ku France ndi ku England, onse namubweza. Adapeza poyambira mu 2005 pa timu yaing'ono ya Rouen, ndipo chaka chotsatira adawolokera ku Belgium, ku Mouscron, kumene adathyoka mwendo atangosewera masewero ochepa, nakhala miyezi yambiri osaponda pabwalo. Mu 2007 adapita ku Germany, ku Hoffenheim, timu ya pamudzi waung'ono imene adaithandiza kukwera mu ligi yaikulu mu 2008. Mu Januwale 2011 timu ya Stoke City ya ku England idafuna kumugula, koma madokotala atamuyeza idabwerera m'mbuyo chifukwa cha bondo. West Ham idamutenga, ndipo adaigoletsera zigoli 7 m'masewero 12 a ligi. Timuyo idatsika ndithu, iye n'kupita ku Newcastle, kumene chaka choyamba adagoletsa zigoli 16 mu ligi.

Ulendo sudathere pamenepo. Mu Januwale 2013 adalowa Chelsea, mu 2014 Beşiktaş ya mumzinda wa Istanbul, mu 2015 Shanghai Shenhua ya ku China, kumene mu 2016 adathyokanso mwendo. Atachira adabwerera ku Turkey, ku Beşiktaş ndi ku Göztepe, napitanso ku Shanghai, kenaka ku Başakşehir, timu imene idatenga ligi ya Turkey koyamba mu 2020 iye ali momwemo. Adamalizira ku Lugano, ku Switzerland, mu 2021, ali ndi zaka 36. Tikawerenga tipeza matimu 11 m'maiko 7 pa zaka 16.

Okonda mpira amamukumbukira kwambiri ndi tsiku limodzi la mu Epulo 2014 pa bwalo la Anfield, pamene Steven Gerrard adaterereka, Ba n'kutenga mpira n'kugoletsa. Tsiku limenelo mitundu iwiri ya anthu imene anyamata athu amaiyerekeza idakumana maso ndi maso: wina amene adakulira pa Liverpool kuyambira ali mwana, ndi wina amene panthawiyo adali pa timu yake yachisanu ndi chimodzi. Sitikuchotsa kanthu pa ulemu wa wokhazikika. Kukhala pamalo amodzi, kupirira nawo zaka za njala ndi za dzinthu, ndi khalidwe lokoma. Koma tisaiwale kuti kukhazikika kumafuna kuti malowo akufune. Gerrard adali ndi timu yaikulu imene idamukumbatira ali wamng'ono. Ba adagogoda pazitseko zingapo zimene zidamutsekera. Ndipo Gerrard yemweyo mu 2015 adanyamuka kupita ku LA Galaxy ku America. Si onse osamuka amene amasamuka chifukwa cha dyera, monganso si onse okhala amene amakhala chifukwa cha chikondi.

Palinso mfundo imene ochemerera sakonda kuimva. Chuma cha wosewera ndi miyendo yake, ndipo chuma chimenecho chimatha munthu asanafike zaka makumi anayi, mwinanso masana amodzi okha. Timu imene lero ikumuyimbira nyimbo ndi yomweyo imene mawa, bondo likafooka, idzamuonetsa khomo popanda wina woitcha yosakhulupirika. Ngati tifuna kuti wantchito akhale wa bwana mpaka kale, pamene bwana ali ndi ufulu womutaya tsiku lililonse, ndiye kuti sikelo yathu yapendekera mbali imodzi. Chisilamu sichikonda sikelo yotere.

Qur'an yolemekezeka ili ndi nkhani ya wantchito wapaulendo, ndipo wantchitoyo ndi Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye). Mu Surat Al-Qasas timamva m'mene adathawira ku Iguputo nafika ku Madyan ali mlendo wopanda kanthu, m'mene adathandizira akazi awiri kumwetsa ziweto zawo, ndiponso m'mene mmodzi wa iwo adalangizira bambo wake kuti amulembe ntchito poona zinthu ziwiri mwa iye, mphamvu ndi kukhulupirika. Mgwirizano umene adapangana udali wa nthawi yodziwika: zaka zisanu ndi zitatu, ndipo akafuna yekha akwanitse khumi. Ibn Abbas (Allah asangalale naye) adafotokoza kuti Musa adakwaniritsa nthawi yotalikirapo ija. Itatha adatenga banja lake nachoka. Taonani, adatchedwa wokhulupirika asanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi, ndipo dzinalo silidamuchoke pamene adanyamuka. Kukhulupirika kwake kudali m'mene adagwirira ntchito pa nthawi imene adalonjeza, ndi m'mene adachokera nthawiyo itakwana.

Apa ndiye pali muyezo woyamba. Surat Al-Ma'idah imatsegula ndi lamulo kwa okhulupirira lakuti akwaniritse mapangano awo. Ngongole ya wapaulendo kwa malo amene wafikira ndi pangano lake, lonse lathunthu, ndi thukuta losabisa. Ndi muyezo umenewu tikhoza kuweruza ulendo wa Ba popanda kukondera. Pochoka ku West Ham ndi ku Newcastle adadzera pa khomo limene lidalembedwa kale mumgwirizano, mbali zonse ziwiri zitavomereza. Pamenepo palibe mlandu, ngakhale mitima ya ochemerera idawawa. Koma pochoka ku Hoffenheim nkhani idali ina: mgwirizano udakalipo, ndipo iye sadapite nawo kumsasa wokonzekera masewero pofuna kuti amugulitse ku England. Mkanganowo udali ndi mbali ziwiri, ndipo za mumtima amadziwa ndi Allah. Komabe njira yokakamiza mnzako poleka ntchito imene udalonjeza siyenera kukhala chitsanzo kwa ana athu. Kukonda m'bale wathu m'chipembedzo kusatitseke maso. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kuchoka bwino kawiri ndi kuchoka moipa kamodzi, ndipo chilichonse chili ndi kulemera kwake.

Muyezo wachiwiri ndi wa katundu amene wapaulendo amanyamula osamusintha. Ku Newcastle, ku London, ku Istanbul, anthu adamuona Ba akagoletsa akuika mphumi pansi kuchita sijida. Malaya adasintha kambirimbiri, chilankhulo cha mphunzitsi wa timu chidasintha, chakudya ndi nyengo zidasintha, koma Amene ankamugwetsera nkhope pansi sadasinthe. Sitikunena kuti sijida ya pabwalo ndi umboni wa kuyera kwa munthu. Tikungoona kuti munthu akhoza kusamuka kwambiri koma n'kukhala ndi pakati pake posasuntha. Malamulo athu a paulendo amaphunzitsa zomwezo. Wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala za Dhuhr, Asr ndi Isha kuchoka pa rakaa zinayi kufika pa ziwiri, ndiponso kumasula m'mwezi wa Ramadan kuti adzabweze masikuwo pambuyo pake. Ulendo umapepuza katundu, koma sufufuta udindo. Allah adadziwa kuti akapolo Ake adzayenda, ndipo adawakonzera njira yoti akhalebe Ake ali m'njira.

Muyezo wachitatu ndi wa zimene mlendo amasiya. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo nthawi zambiri timangomvapo zakuti sachedwa kukamuka. Koma mame, ngakhale akhale a kanthawi, amanyowetsa mbewu. Frédéric Kanouté, wosewera wa dziko la Mali amene adasewera ku France, England, Spain ndi China, mu 2007 adatulutsa ndalama zake kugula malo a mzikiti mumzinda wa Seville pamene Asilamu a kumeneko adali pafupi kuwataya. Iye adachoka mumzindamo patapita zaka, koma chimene adachita chidatsala. Nayenso Ba, mu Disembala 2020 ku Paris, pa masewero a Başakşehir ndi Paris Saint-Germain, adayimirira kutsutsa mmodzi wa oyimbira amene adatchula wothandizira mphunzitsi wa timu yake, Pierre Webó, ndi mtundu wa khungu lake. Matimu onse awiri adatuluka m'bwalo, ndipo masewerowo adamalizidwa tsiku lotsatira. Ba adali wopita, monga momwe adalili kulikonse. Patangotha miyezi ingapo adachoka pa timuyo. Komabe sadanene mumtima kuti za pano si zanga. Pa tsiku limenelo anzake a pantchito adali abale ake, ndipo adawalipira ngongole ya ubale.

Tsopano tibwere pakhomo pathu, pakuti nkhaniyi si ya mpira wokha. Mlovi amene nyengo ino akupalasira mwini chilimira uyu, nyengo yamawa wina, kutsata kumene usipa wapita. Mnyamata amene ali ku Joni, lero m'sitolo, mawa pa ntchito ya zomangamanga. Mtsikana amene akugwira ntchito m'nyumba za eni kutauni: onsewa ndi osamukasamuka, ndipo onsewa amakumana ndi mayesero amodzimodzi. Satana amanong'oneza wapaulendo kuti kuno sakukudziwa, ndipo mawa udzakhala utapita. Ndi mawu amenewo ena amatenga ndalama za patsogolo kwa mwini ukonde n'kuthawira kudoko lina usiku. Ena amasiya ngongole kwa amene adawasunga kuchilendo. Ena amasiya Swala pamalire a dziko ngati katundu woletsedwa kuwoloka naye. Amenewa ndiwo osakhulupirika, ngakhale atakhala kuti adasamuka kamodzi kokha. Ndipo ife amene timalemba anzathu ntchito tili ndi mbali yathu: Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalamula kuti wantchito alipidwe mwachangu, thukuta lisanamuume. Amene amachedwetsa malipiro a alovi ake asadabwe akamuchokera, ndipo asawatche dzina limene likumuyenera iye mwini.

Chilipo china chimene wapaulendo ayenera kuchiopa kuposa kunyozedwa ndi ochemerera. Chilankhulo chathu chili ndi dzina la munthu amene adapita osabwerera, osatumiza mawu, osakumbuka amene adawasiya: mtchona. Wapaulendo ndi mtchona onse ali kutali, koma wina ali ndi kumene nkhope yake idayang'ana, winayo alibe. Mapangano a ntchito amatha, ndipo munthu ali ndi ufulu wopanga ena. Koma alipo mapangano amene alibe tsiku lothera pa pepala: ufulu wa mayi wokalamba, chakudya ndi chovala cha mkazi, maleredwe a ana. Khalifa Umar (Allah asangalale naye) adaika malire a miyezi imene msilikali angakhale kutali ndi mkazi wake, chifukwa adadziwa kuti ngakhale ulendo wabwino ukhoza kugwetsa nyumba. Amene wakwaniritsa mgwirizano uliwonse ndi mabwana ake khumi, koma waiwala mayi wake kumudzi, wasunga zazing'ono nataya chachikulu.

Choncho yankho la funso lathu ndi lakuti inde, wosakhazikika akhoza kukhala wokhulupirika, ndipo nthawi zina kukhulupirika kwake kumayesedwa kolimba kuposa kwa wokhala, popeza iye alibe maso a mudzi omulondera. Pomuweruza tisawerenge malaya amene wavala. Tifunse ngati adagwira ntchito yonse imene adalonjeza, ngati adachoka podzera pakhomo, ngati Mbuye wake adali yemweyo m'dziko lililonse, ndiponso ngati a kwawo ankamvabe mawu ake.

Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adagwira phewa la Abdullah ibn Umar namulangiza kuti akhale pa dziko lino monga mlendo kapena wodutsa m'njira. Ngati ndi tero, palibe mmodzi wa ife amene adzakalambire pa timu imodzi mpaka muyaya. Tonse tili pa mgwirizano wa nthawi yowerengeka, kusiyana kwake n'kwakuti tsiku lothera silidalembedwe poti tingaliwerenge. Allah atetezere ana athu amene ali m'maulendo, awapatse riziki la halali, awabweze kwa makolo awo ali ndi chikhulupiriro chawo, ndipo tonse atichititse kukhala mwa okwaniritsa mapangano. Ameen.