Kodi Cifaniziro Cinganene Zoona?

Mmisiri wofuna kupanga cifaniziro ca injini yokoka sitima ya katundu, monga U20C ya General Electric imene Zambia Railways inayamba kulandira m'caka ca 1967, ayamba wasankha muyeso. Ambiri asankha 1:87, ndiko kuti mamilimita 87 a injini yeniyeni asanduka milimita imodzi. Motero njanji za m'Zambia, zotalikirana mamilimita 1,067, zifupikirana kufikira mamilimita 12 ndi pang'ono.

Tsono wina angafunse ngati cinthu cotere si bodza. Injini yeniyeni itentha dizilo kuti izunguze makina opanga magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo ayendetsa mawilo ace 12. Kacifaniziro kalibe dizilo m'mimba mwace, ndipo sikangakoke ngakhale thumba limodzi la cimanga.

Koma bodza ndilo cinthu cofuna kunyenga, ndipo kacifaniziro sikabisa kucepa kwace. Coonadi cace cagona apa: muyeso umene unacepetsa denga ucepetsenso citseko, makwerero ndi mawilo. Mmisiri akakuza zenera cifukwa laling'ono lamvuta kusema, pamenepo ndipo wanama, cinkana ooona asazindikire.

Momwemonso ndi munthu. Kalaliki wa pa boma kapena wogulitsa m'sitolo alibe mlandu cifukwa nchito yace njocepa. Mlandu umgwera pamene asunga miyeso iwiri, wina woyesera mbale wace, wina woyesera mlendo. Mlendoyo acoka osadziwa kanthu, koma mwini miyeso adziwa.