Msewu Uli ndi Eni Ake

Mdzukulu wanga, ndamva kuti laisensi yatuluka, ndipo Loweruka lino ukuyendetsa wekha kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Ndakondwa kwambiri. Koma takhala pansi kaye, poti ine ndakalambira pachiwongolero cha lole, ndipo M1 ndimaidziwa ngati njira ya kumunda kwanga.

Galimoto yako yochokera ku Japan ija ndi yabwino, koma imabisa liwiro. Bedford imene ndinaphunzirira ine inkabangula ndi kunjenjemera, chiwongolero chikuvina m'manja, moti ukathamanga thupi lonse linkadziwa. Yakoyo magalasi ali chitsekere, kamphepo kozizira kakuwomba, wailesi ikuimba, uli pa 120 mtima ukuti 60. Uziponya diso pa kamuvi ka liwiro kaja pafupipafupi, foni ikhale m'thumba. Mapu a m'foni adzakuuza kuti ulendowu ndi makilomita oposa 300, koma za nkhungu ya ku Dedza m'miyezi ya June ndi July sakuzidziwa. Imatseka msewu m'mamawa, wakabaza nkungotulukira pamphuno penipeni.

Tsono mvetsetsa izi. Ukaona nthambi za masamba atazindandalika pamsewu, chotsa phazi pamoto nthawi yomweyo. Mwina kutsogoloko kwafera lole, woyendetsa wathyola nthambi kuti akuchenjeze. Mwinanso pamudzipo pagwa zovuta. Akakhala maliro, zimitsa wailesi, vula chipewa, udutse ngati ukuyenda pansi. Suwaona anjinga akutsika nkumakankha? Ine ndinaonapo mnyamata wina, wamsinkhu wako womwewu, atadutsa pasiwa mothamanga pamsewu wafumbi. Fumbi lonse linakathera pa amayi amene ankalira pakhonde, lina m'miphika ya adzukulu. Anthu anamutsekera njira, nkhani inakafika kwa amfumu, ndipo bambo ake ndiwo anabwera kudzapepesa, mutu uli pansi. Chimodzimodzi ukakumana ndi Gule Wamkulu m'midzi ya kwathu: usalize hutala, usatulutse foni kuti ujambule, apatse njira.

Pa Lizulu, pomwe msewu ukuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo pamandidetsa nkhawa. Galimoto ikangoima, amayi amathamangira ndi mabeseni a kachewere, tomato ndi kabichi, maso ali pa wogula. Kumbuyo kwa mayi aliyense wothamanga pamakhala kamwana komutsatira. Mbuzinso ndi choncho, ikadumpha imodzi yembekezera inzake. Nayo minibasi imaima paliponse pomwe kondakitala waona munthu. Anthu amenewa msewu ndiwo msika wawo ndi bwalo lawo, iwe ndiwe mlendo wongodutsa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsiku lina udzafuna kutsikira kunyanja kudzera ku Khwekhwerere, kulowera ku Golomoti. Kumeneko mabuleki okha sakwanira. Ndili mnyamata ndinatsika phiri lina ndi matumba a chimanga, phazi lili pa buleki njira yonse. Ndinayamba kumva fungo lopserera, kenako phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Anandipulumutsa ndi Mulungu komanso giya imene ndinailowetsa mokakamiza. Yakoyo imasintha yokha magiya, inde, koma ngati pa ndodo yake pali L kapena 2, anaziikira malo ngati amenewo. Lowetsa usanayambe kutsika, injini ikugwirire galimoto.

Usiku ndiye ayi, pokhapokha pali matenda. Ngolo zilibe nyali, anjinga ambiri alibenso, ndipo nyali imodzi imene ukuiyesa njinga yamoto ikhoza kukhala lole ya diso limodzi.

Loweruka unyamuke dzuwa litakwera pang'ono, nkhungu itabalalika, kuti ukawoloke Shire pa Zalewa kukadali kowala. Ukafika uimike galimoto, uzimitse injini, ndipo pamenepo undiimbire. Ine ndi agogo ako aakazi tidzakhala tikudikira.