Kodi Ziwerengero Zingadziwe Chimene Chili Choyenera?

Kuyambira m'chaka cha 1958, pamene Hans Peter Luhn, katswiri wa ku kampani ya IBM, analemba za makina amene angamasonkhanitse uthenga wa m'kampani n'kuupereka kwa oufuna pa nthawi yake, amalonda akhala ndi chiyembekezo chakuti kugamula nkhani mongoganizira kudzatha ndipo umboni wa ziwerengero ndiwo udzalamulira. Luso limeneli ndi lotolera zolembedwa zonse za malonda, monga katundu amene wagulidwa, tsiku lake ndi mtengo wake, n'kuzisanthula pa kompyuta kuti zionetse zimene maso a munthu mmodzi sangathe kuona. Phindu lake silikayikitsa. Mu 2004, namondwe Frances akuyandikira chigawo cha Florida ku America, akatswiri a ku Walmart anaunika zimene anthu anagula pa nthawi ya namondwe Charley milungu ingapo m'mbuyomo, ndipo atapeza kuti tizakudya totsekemera ta Pop-Tarts tinkagulidwa mochuluka zedi, anadzaza masitolo a m'deralo mphepo isanafike.

Komabe funso la nzeru zakuya limatsala, lakuti kodi ziwerengero zimene zimanena molondola chimene anthu adzagule zingathenso kunena chimene kampani iyenera kuchita. David Hume, woganiza mozama wa ku Scotland, anaika mfundo ziwiri m'buku lake lonena za chikhalidwe cha umunthu, lomwe linatuluka mu 1739 ndi 1740, ndipo zonse ziwiri zimakhudza nkhaniyi. Yoyamba ndi yakuti palibe umboni wotsimikiza kuti mawa lidzafanana ndi dzulo, popeza munthu amangozolowera kuyembekeza zimene wakhala akuona. Yachiwiri ndi yakuti kufotokoza mmene zinthu zilili sikungabale pakokha lamulo la mmene ziyenera kukhalira. Kompyuta imaphunzira kuchokera ku zakale basi, choncho imanyamula zofooka ziwirizi pamodzi.

Chitsanzo chomvetsa chisoni chinaululidwa ndi bungwe la nkhani la Reuters mu 2018. Kampani ya Amazon inali itapanga pulogalamu yosankha anthu ofuna ntchito, imene inaphunzitsidwa ndi makalata ofunsira ntchito a zaka 10, ndipo popeza ambiri mwa makalatawo analembedwa ndi amuna, pulogalamuyo inayamba kutsitsa makalata okhala ndi mawu onena za akazi, mpaka kampaniyo inaisiya. Chodetsa nkhawa n'chakuti pulogalamuyo sinalakwitse masamu. Inafotokoza mokhulupirika mmene ntchito za luso la makompyuta zinkaperekedwera, kenaka inasandutsa mbiri imeneyo kukhala lamulo la m'tsogolo, lomwe ndi phompho lenileni limene Hume anachenjeza. Kuti wina aone kuti apa pali kukondera, anafunika kubwera ndi lingaliro la chilungamo limene silinali m'makalata aja, ndipo silikanapezeka ngakhale makalatawo akanachuluka motani.

Vuto lina limabadwa pamene nambala yoyezera ntchito yasanduka cholinga cha ntchitoyo. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, ananena mu 1975 kuti muyezo umasiya kudalirika akuluakulu akangoyamba kuugwiritsa ntchito polamulira, ndipo banki ya Wells Fargo ku America inasonyeza zimenezi poyera. Antchito ake ankayezedwa ndi kuchuluka kwa maakaunti amene atsegula, choncho ambiri, poopa kuchotsedwa ntchito, anatsegula maakaunti opitirira 2 miliyoni eni ake asakudziwa. Mu 2016 bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa. Malipoti ofika kwa mabwana ankaonetsa chitukuko, chifukwa ankawerenga chimene anauzidwa kuwerenga, pomwe chikhulupiriro cha makasitomala, chomwe ndi chuma chenicheni cha banki, chinalibe mzere wake m'malipotimo.

Ena amatsutsa kuti maganizo a munthu nawonso amakondera, ndipo nthawi zambiri moipa kuposa makina, zomwe ndi zoona ndipo siziyenera kupeputsidwa: bwana wolemba ntchito achibale ake alibe chilungamo choposa cha pulogalamu ya Amazon. Kusiyana kuli pa udindo. Munthu angathe kufunsidwa chifukwa chimene wachitira chinthu, angathe kuchita manyazi ndi kulapa, pomwe woyang'anira amene wabisala kumbuyo kwa chiwerengero amaoneka ngati sanasankhe kanthu, chonsecho ndiye anasankha chimene chiyezedwe ndi chimene chisiyidwe. Aristotle ankasiyanitsa luso lopangira zinthu ndi nzeru yodziwa choyenera kuchita pa nkhani imene ili pamaso pa munthu, ndipo nzeru yachiwiriyi imakula ndi khalidwe.

Mayiko a mu European Union anayesa kuika mfundo ya udindo wa munthuyi m'malamulo. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa munthu ufulu wakuti nkhani yaikulu yomukhudza, monga kukanidwa ngongole, isagamulidwe ndi makina okha, ndiponso wopempha kuti munthu aiunikenso pamene makina aloledwa kugamula. Ufulu umenewu uli ndi tanthauzo pokhapokha ngati wounikayo wapatsidwa nthawi yowerenga nkhaniyo ndi mphamvu yotsutsa kompyuta popanda kuopa kuti nayenso ayezedwa ndi kuchuluka kwa mafayilo amene watseka pa tsiku.