Agogo Akamati "Tsitsa Mawu"

Ku Mbedza kuno mkangano wa agogo ndi mdzukulu suchedwa kuyamba. Mtsikana akutuluka atavala thalauza, agogo ali pakhonde akuti, "Iwe, mangira chitenje, anthu atiseka." Iye, maso ali pafoni, akuyankha kuti, "Agogo, zinthu zinasintha." Usiku onse awiri agona mtima ukuwawa, aliyense akudziona ngati wonyozedwa. Ngati kwanu zili chomwechi, limbani mtima, banja lanu silinapasuke.

Iwe wachinyamata, agogo akowo sanabadwe ndi mantha. Anawaphunzira. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linagwira ntchito mpaka 1993. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika, ngakhale atanyamula ndiwo zoti agulitse kuti ana adye. Ndende ya Mikuyu ili pafupi pomwepa, ndipo Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anatsekeredwamo kuchokera mu 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Anthu a ku Zomba ankaziona zimenezi ndi maso awo, nkumangokhala chete kuti kuwachere. Ndiye ukamakamba za ndale mokweza, agogo nkukuuza kuti "tsitsa mawu", usaganize kuti ndi umbuli. Umu ndi mmene anatetezera ana awo, mayi ako kapena bambo ako, mpaka iwe unabadwa. Akukutchinjiriza ku ngozi imene iwe sunaione, ndipo akutero chifukwa amakukonda.

Inunso makolo athu, kumbukirani mwezi wa Malichi mu 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a pa Chancellor College anaguba m'misewu ya Zomba yomweyi kuikira kumbuyo mawu ake. Anali anyamata ndi atsikana, ndipo lero ali ndi imvi. Pa 14 Juni 1993 ambiri mwa inu munakaima pamzere kuvotera zipani zambiri. Mwana amene lero akukufunsani kuti "chifukwa chiyani?" anakulira muufulu umene inu munamutengera. Kufunsa kwakeko ndi mbewu imene munadzala nokha.

Katundu wakenso ndi wolemera. Analowa sukulu yaulere imene inayamba mu 1994, anaphunzira monga munamuuzira, koma mapepala ali m'chikwama, ntchito palibe. Akakhala pafoni tsiku lonse, mwina akutsatsa kaunjika pa WhatsApp, mwina akudikira kasitomala wa kabaza. Musafulumire kumutcha waulesi. Mawu amenewo amamulasa kuposa mmene mukuganizira, chifukwa nkhawa ya mawa imamusowetsa kale tulo.

Ine ndikuona kuti pali zina zosayenera kutayidwa. Kupereka moni kwa wamkulu, kulandira ndi manja awiri, kukagona kumaliro a mnansi, kutengerako phala wodwala kuchipatala: zimenezi ndi zimene zimatigwirizanitsa, ndipo wachinyamata wozisiya amadzimana yekha anthu omugwira dzanja tsiku la tsoka. Koma khalidwe la mtsikana silioneka pa thalauza. Alipo ambiri ovala thalauza amene amalipirira azing'ono awo fizi ndi kugulira agogo mankhwala.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kuyamba amveka, ndipo m'nyumba zambiri tinasiya kukhalira pamodzi. Madzulo ano, nsima ikapsa, iwe ika foni pambali uwafunse kuti, "Agogo, nthawi ya makadi munkalowa bwanji mumsika?" Usawadule pakamwa, ngakhale abwereze nkhani imene unaimva kale. Inu agogo, muitaneni akhale pamphasa, mumufunse kuti, "Mdzukulu wanga, geni yako ya pafoniyi imayenda bwanji, ndalama zimafika bwanji m'manja?" Akayamba kufotokoza, mumulole akuonetseni, mudine nokha ndi chala chanu.