ZA ANA ATHU OKULIRA M'DZIKO LA ENI

Mau athu a mwezi uno acokera m'kalata imene mneneri Yeremiya analembera Ayuda otengedwa ndende kumka ku Babulo (Yeremiya 29:1-14). Anthu aja anayesa kuti adzabwerera msanga, nakhala monga wapaulendo wosamasula katundu wace. Koma mneneriyo anawalangiza kuti amange nyumba, alime minda, abale ana, napempherere mudzi umene anagoneramo, popeza kubwerera kwao kudzacedwa zaka 70. M'langizo limeneli tionamo cifundo ca Mulungu pa ana; pakuti mwana saleka kukula kulindira tsiku limene atate wace adzabwerera kwao.

Kalata imeneyi iyenera ife a ku Mzimba. Ulendo wa kumwera unayamba kale, nukula pamene dziko la M'mbelwa linalowa m'manja mwa Boma la Angerezi m'caka ca 1904, ndi msonkho unatsata pambuyo. Masiku amenewo amuna anamuka okha ku migodi ya ku Rhodesia ndi ya ku Johannesburg, kumene ticha ku Joni, ena pansi, ena ndi Wenela. Ndege itagwa ku Francistown m'caka ca 1974 ndi kupha anthu athu oposa 70, Boma linaletsa Wenela. Ndipo ngakhale kulemba anthu a kumigodi kunayambanso, kunatheratu m'caka ca 1988. Koma njira sinatsekeke. Makono munthu akwera basi yekha pa Mzimba kapena pa Jenda, napyola Tete, Harare ndi Beitbridge. Ndipo akazi amukanso, ndi ana abadwira komweko.

Tsono tilingalire makhalidwe a banja lotere. Ambiri akhala m'cipinda cimodzi colipira mwezi ndi mwezi, kapena m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya mwini malo. Momwemo aphika, momwemo agona. Mwamuna alawira mbandakuca kukasamala maluwa a bwana kapena kukamanga nyumba. Mkazi alawiranso kukalera ana a eni, nasiya wace. Kuno kwathu mwana akalira amnyamula agogo, kapena mlamu, kapena mkazi ali yense wa pamudzi. Kumeneko womlera afuna ndalama. Nkhuni zigulidwa, ndiwo zigulidwa, ndi cisanu ca Juni ndi Julai cipweteka makanda. Pa malire munthu apatsidwa masiku 30 okha. Atatha amenewo, wosowa cilolezo ayenda ndi mantha, nazemba ngakhale khomo la cipatala. Pamwamba pa izi pali ukali wa ena a eni dziko: m'mwezi wa Mei 2008 cipolowe coyambira ku Alexandra cinapha anthu 62, ndipo m'caka ca 2015 cinabukanso ku Durban, kotero kuti Boma lathu linatuma mabasi kukatenga anthu ace.

Sitinena izi kuti titsutse opitawo, pakuti anacotsedwa ndi njala ndi kusowa nchito. Ambuye wathu yemwe anali mwana wa alendo m'Aigupto, pamene Yosefe anathawa naye usiku pamodzi ndi amace cifukwa ca Herode. Cimene tiopa ndi ici, kuti mwana angakule wopanda kwao, kumeneko mlendo, kunonso mlendo. Cifukwa cace tipempha akubala zinthu zitatu.

Coyamba, dzina la mwana lilembedwe. M'buku la Ezara, mutu 2, tiwerenga za ena amene pobwerera ku Babulo sanakhoza kuonetsa nyumba ya makolo ao. Ndi ena a mwa ansembe anafuna maina ao m'buku la mibadwo, osawapeza, nacotsedwa pa unsembe. Zotere zinagwera abale athu ku Zimbabwe. Minda ya Azungu italandidwa kuyambira caka ca 2000, ambiri a zidzukulu za anthu a kuno anataya nchito ndi pogona pomwe. Lamulo la 2001 linawayesa alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo atsopano a 2013. Ndipo ena sanadziwe ngakhale mudzi umene agogo ao anacokera. Potero, inu a ku Joni, musanyozere pepala la kubadwa kwa mwana, limene lamulo la komweko lifuna kuti lilembedwe asanathe masiku 30. Kubadwira ku South Africa pa kokha sikuyesa mwana mbadwa ya dzikolo. Sungani khadi la cipatala ndi la ubatizo, ndi kudziwitsa akazembe a dziko lathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Dziwaninso kuti m'caka ca 2019 bwalo lalikuru la milandu ku Makhanda linaweruza kuti mwana asapitikitsidwe pa sukulu ya Boma cifukwa cosowa mapepala. Ndi m'caka ca 2023 bwalo la ku Johannesburg linaweruza kuti akazi apakati, oyamwitsa, ndi ana osafika zaka 6 athandizidwe kwaulere m'zipatala za Boma, angakhale ali alendo. Mantha a akuru asamane mwana katemera ndi sukulu.

Caciwiri, mwana amve cinenero ca kwao m'nyumba. Nehemiya anapeza ana a Ayuda olankhula Ciasidodi, osadziwa kulankhula Ciyuda, ndipo kunamuwawa mtima (Nehemiya 13). Ife sitisowa mboni ya kutali. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 ali ndi cinenero cao; koma ana obadwa kuno anatola mau a amai ao, ndipo lero Cingoni catsalira makamaka m'nyimbo ndi m'zithokozo, ndi midzi yathu ilankhula Citumbuka. Taonani tsono, zidzukulu zao zabwerera ku dziko limene makolo anacokera, ndipo zichedwa alendo! Mwana aphunzire Cizulu ndi Cingerezi, pakuti adzazifuna pa sukulu ndi pa nchito. Koma madzulo, pa mphasa, amve Citumbuka kapena Cinyanja. Adziwe ciwongo cace, dzina la mudzi, la mfumu, ndi la agogo ace. M'mera mpoyamba. Tsiku la tsoka basi ikamtula pa Jenda, adzafunsa njira ya kwa yani, ngati sanamve maina amenewa?

Cacitatu, banja lisakhale lokha, koma lidziphatike ku Mpingo. Anthu a kuno ogwira nchito ku Rhodesia anapempha okha mbusa, ndipo m'caka ca 1912 mbusa T. C. B. Vlok anafika ku Salisbury, ndiye Harare wa lero. Mwa mbeu imeneyo munaphuka Sinodi wa Harare m'caka ca 1965, ndi ana a alendo anaphunzira kupemphera m'mau a makolo ao. Momwemo inunso tengani kalata ya Mpingo pocoka, ndi kuipereka kwa akuru kumene mufika. Pamenepo mkazi wobala mwana kutali ndi amace adzapeza amai a Umanyano omcezera, ndi mwana wosowa agogo adzapeza nkhalamba yomfukata. Ndipo monga ananena Yeremiya, pemphererani mudzi wa eniwo, ndi kukhala nao mwamtendere. Musaphunzitse ana kudana nao, pakuti pakati pao pali Akristu ambiri amene anabisa alendo m'nyumba zao tsiku la cipolowe.

Tatsala ndi mau kwa inu okhala kumudzi, ku Embangweni, ku Euthini, kwa Mabulabo ndi ku Edingeni. Muona nyumba za malata ndi magalimoto ocokera ku Joni, nimuyesa kuti onse a kumeneko alemera. Potero lamya ikalira mungochula feteleza, malowolo ndi ngongole, osafunsa ngati mwana wacira cifuwa. Ena aleka kubwera kwao cifukwa ca manyazi a manja opanda kanthu, ndipo kutchona kuyamba motero. Cepetsani zopempha zanu. Itanani mdzukulu pa lamya, mumchule ciwongo cace, mumuuze kuti gawo lace la munda lilipo. Ndipo akafika wosadziwa kupereka moni monga mwa mwambo, musamseke, koma mumphunzitse mofatsa. Akuru anati, Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwambi umenewu uthandiza yekhayo amene kwao anamlandira.

Mulungu amene anasunga Mwana wace m'Aigupto, namturutsamo pa nthawi yace, asunge ana athu onse a m'dziko la eni, kuti maina ao adziwike kumudzi, nalembedwe m'buku la moyo. Amen.