Ana Athu ndi Chakudya cha Khirisimasi: Mbale Yoyamba Ituluke Pakhomo



Nyengo ya Adventi yafika, ndipo ana athu ayamba kale kuwerenga masiku. Tikawafunsa kuti Khirisimasi n'chiyani, ambiri ayankha mosachedwa kuti ndi mpunga, nkhuku, Fanta ndi zovala zatsopano. Tisawadzudzule, pakuti Mulungu mwini anasankha chakudya kuti chikhale njira yophunzitsira ana. Pa Eksodo 12, atalamula Aisraeli za mwanawankhosa wa Paska, mkate wopanda chotupitsa ndi ndiwo zowawa, anawauziratu kuti ana awo adzafunsa tanthauzo la mwambowo, ndipo makolo akhale ndi yankho. Mpaka lero, pa chakudya cha Paska m'mabanja a Ayuda, mwana wamng'ono ndiye amafunsa mafunso. Nanga ife, chakudya chathu cha pa 25 Disembala chikuphunzitsa ana chiyani?

M'makomo ambiri, tsikuli likafika ana amathamangitsidwa kukhitchini: “Chokani apa, mukutisokoneza!” Amaitanidwa zonse zitapsa. Mwana woleredwa chonchi amakula akudziwa kuti chikondwerero n'kulandira basi. Koma tiyeni tione pa Yohane 6. Anthu anali ambiri, amuna okhaokha pafupifupi 5,000, ndipo Filipo atawerengera ndalama anaona kuti sizingatheke kuwadyetsa. Andreya ndiye anaona mnyamata amene anali ndi mikate isanu yabalere ndi tinsomba tiwiri. Mkate wabalere unali chakudya cha anthu osauka. Ambuye sananyoze kamba wa mwanayo. Anamulandira, nayamika, nagawira onse, mpaka zotsala zinadzaza mitanga 12. Alembi onse anayi a Uthenga Wabwino analemba za chozizwitsachi, koma Yohane yekha ndiye anakumbukira kuti chakudyacho chinachokera m'manja mwa mwana. Ife tikhale ngati Andreya: tione chimene chili m'manja mwa ana athu, tibwere nawo kwa Yesu.

Poyamba, tiwapatse ntchito yolingana ndi msinkhu wawo. Aang'ono angathe kutsuka mango, amene ndi ambiri mwezi uno, kuswa mtedza ndi kusankha timiyala mumpunga. Okulirapo asende nthochi zakupsa, aziponde, asakanize ndi ufa wamgaiwa ndi kamchere pang'ono, aumbe zitumbuwa. Zina zituluka zopindika, zina zazikulu kuposa zinzake. Zisiyeni choncho, mwana amanyadira chimene waumba yekha. Amene afika makalasi apamwamba aphunzire kusosola nkhuku, kuyeza madzi a mpunga ndi kuphika chigumu mumphika, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Anyamata asatsale. Amene anapereka mikate ija anali mnyamata, ndipo Ambuye wathu atauka kwa akufa anakonzera ophunzira ake nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja. Mthiko suchotsa ulemu wa mwamuna. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Thobwa nalo lili ndi phunziro lake la Adventi. Silipsa tsiku limodzi. Timaviika mawere kapena chimanga, timafunditsa mpaka zitamera, timayanika, timagaya kuti tipeze chimera. Kenako timaphika phala, likazizirako timathira chimeracho, ligone usiku, mawa lake tiwiritsenso. Popeza dzuwa limasowa nthawi ya mvula ino, ntchitoyi tiyambe msanga. Mwana mmodzi apatsidwe udindo wosuzumira m'mawa uliwonse ngati mbewu zamera. Akadandaula kuti zikuchedwa, pomwepo ndi pomufotokozera kuti anthu a Mulungu anadikira Mpulumutsi zaka mazanamazana, ndipo Mulungu sanaiwale lonjezo lake. Pokanda ufa tiwauzenso kuti dzina lakuti Betelehemu m'Chihebri litanthauza nyumba ya mkate, ndi kuti Mwana amene anagonekedwa modyera ziweto ndiye amene amatidyetsa pa guwa la Ukaristia.

Chachiwiri, tisamale moyo wawo. Kukazinga m'mafuta otentha, kuphula mphika ndi kunyamula mbaula ndi ntchito ya wamkulu. Chiwaya chisasiyidwe pamoto mwana wokwawa ali pafupi, ndipo mpeni ukhale m'manja mwa amene waphunzitsidwa kuugwira. Aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, madzi akumwa ndi osungunulira Sobo akhale owiritsa kapena othira mankhwala, zakudya zivundikiridwe chifukwa cha ntchentche. Sitinaiwale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko lathu lino. Thupi la mwana ndi mphatso imene tidzayankhapo pamaso pa Mulungu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona uthenga wathu: mbale yoyamba ituluke pakhomo. Kwathu kuno Khirisimasi imafika nkhokwe zitayamba kupepuka, chimanga chili chaching'ono m'munda, ndalama zitathera ku feteleza ndi mbewu. Fungo la nkhuku likamatuluka m'nyumba mwathu, kuseri kwa mpanda kuli gogo amene akulera adzukulu amasiye, ndipo tsikulo sanasonkhe moto. Pa Nehemiya 8, Ezara atawerenga Chilamulo anthu analira, koma anauzidwa kuti aleke kulira pa tsiku lopatulika, apite akadye zonona, amwe zotsekemera, ndiponso atumize gawo kwa amene sanakonze kanthu. Kudya ndi kutumiza zinabwera m'lamulo limodzi. Chikondwerero chimene chathera m'nyumba mwathu mokha sichinakwanire.

Tsono tikhale pansi ndi ana Khirisimasi isanafike, tiwafunse kuti: “Kodi mukudziwa ndani amene sadzadya bwino tsikuli?” Mudzadabwa, amayi. Ana amadziwa mnzawo amene amabwera kusukulu wopanda kamba. Asankhe okha khomo, apakule okha, ndipo apakule poyamba, nthuli zabwino zisanathe. Zotsalira m'mbale si mphatso. Anyamule okha mbaleyo, wamkulu akuwaperekeza. Tiwaphunzitse kuodira, kugwada, kupereka ndi manja awiri, ndi kusakalengeza kwa anzawo kuti kwa auje kulibe chakudya. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisaiwalenso mtsikana wotithandiza ntchito ndi mwana wa achibale amene tikumusunga: adye pamodzi ndi ana obereka ife, mbale yofanana.

Mpingo unaika tsiku la Stefano Woyera pa 26 Disembala, Khirisimasi itangopita. Stefano anali mmodzi wa amuna asanu ndi awiri amene anasankhidwa, pa Machitidwe 6, kuti ayang'anire kagawidwe ka chakudya okhulupirira ena atadandaula kuti amayi awo amasiye akuiwalidwa. Kugawa chakudya ndi utumiki wopatulika, ndipo ana athu angauyambe lero.

Wina anena kuti, “Ine ndilibe nkhuku, ndigawa chiyani?” Mayi, musapite kukatapila chifukwa cha tsiku limodzi, Januwale akubwera ndi fizi. Zitumbuwa zisanu ndi kabotolo ka thobwa n'zokwanira. Mnyamata uja analibe zambiri. M'magulu athu a m'parishi tingathenso kusonkherana, wina ufa, wina nthochi, wina nkhuni, n'kuphika limodzi ndi ana a Sande Sukulu, kenako n'kuyendera odwala ndi okalamba.

Tipemphere. Atate wachifundo, amene munatipatsa Mwana wanu ku Betelehemu, dalitsani manja a ana athu pamene akuphunzira kuphika ndi kugawa. Atetezeni ku moto ndi ku matenda, ndipo mutsegule maso athu kuti tione amene ali ndi njala pafupi nafe. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.